Wailesi yomverera zanyengo pa power bank: ndilumikize bwanji osaiwotcha?

Mayi wa ku Mtandire

Moni nonse, akuluakulu. Mvula yayandikira, ndipo ife okhala m'mbali mwa Lingadzi timafuna wailesi ikhale ikulira usiku magetsi akazima, kuti chenjezo lisatiphonye. Pano pali zinthu zitatu. Pali kawailesi kochokera ku America kolembedwa NOAA Weather Radio, kokhala ndi chopukusira pamanja, kasola pamwamba, tochi ndi mabowo awiri a USB. Pali wailesi yakale ya mabatire atatu a AA, yokhala ndi kabowo kozungulira pambali kolembedwa DC 4.5V. Ndiye pali power bank yolembedwa 20,000mAh.

Kodi mawailesi awiriwa ndingawalumikize ku power bank imeneyi osawawotcha, poti ikuoneka yamphamvu kwambiri? Katsopanoka ndikakalumikiza, power bank imayaka, pakatha masekondi ngati 30 n'kuzima yokha. Kodi yafa? Ndikasuntha kabatani kufika polembedwa WB kamangoti shiii, palibe wolankhula. Komanso ndidziwe kuti ikadzadza ingayendetse wailesi maola angati.

Wokonza mawailesi, Kawale

Zikomo amayi. Ndiyambe ndi la WB poti ndi lalifupi. Wailesiyo ili bwinobwino. Pamenepo ndi pomverera mawailesi a zanyengo a boma la America, amene amaulutsa pa matchanelo 7 pakati pa 162.400 ndi 162.550 MHz. Mafunde ake amathera pa mtunda wa makilomita ngati 60 kuchokera pa mlongoti, ndipo kuno ku Malawi kulibe wailesi ya mtundu umenewo. Ngakhale alamu ija yoti izilira yokha kukakhala chenjezo, kuno sidzalira olo namondwe afike pakhomo. Musaidalire mpang'ono pomwe. Machenjezo athu amachokera ku nthambi ya boma yoona zanyengo komanso ku DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo amatipeza pa FM: MBC, Zodiak, Times ndi mawailesi a m'madera. Ikani pa FM, solola eriyo yonse, basi.

Za kuopa 20,000mAh: nambala imeneyo siwotcha wailesi. Ikungonena kukula kwa thanki. Chimene chimaphulitsa paipi ndi mphamvu imene madzi akukankhira, osati kukula kwa thanki, ndipo pa magetsi mphamvu yokankhayo ndi mavolti. Bowo la USB limatulutsa 5V, kaya power bank ndi ya 5,000 kaya ya 30,000. Wailesi imangotunga zimene ikufuna.

Kawailesi katsopanoka kanapangidwira 5V, ndiye palibe choopsa, bola mulowetse pa bowo loyenera. Mwanena kuti mabowo ndi awiri. Laling'ono, la micro-USB kapena USB-C, ndi lolowera magetsi, ndipo nthawi zambiri amalemba IN. Lalikulu lamakona anayi, lolembedwa OUT, ndi lotulutsira magetsi kuti mutchaje foni. Chingwe chokhala ndi mitu ikuluikulu mbali zonse chimene chingalumikize OUT ya power bank ku OUT ya wailesi musachigwiritse ntchito. Mbali ziwiri zonse zimakhala zikukankha magetsi, ndipo kachipangizo kofooka m'kati ndiko kamapsa.

Kuzima kuja si kufa. Power bank inapangidwa poganizira foni. Ikaona kuti chimene chalumikizidwa chikutunga pang'ono, pa zambiri ndi pansi pa 50 mpaka 100mA (mA ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene akutungidwa), imayesa kuti foni yadzadza, n'kudzizimitsa kuti isunge mphamvu. Kawailesi kakang'ono pa volyumu yapakati kamatunga 30 mpaka 100mA, ndiye kali pa malire penipeni. Ngati batire la m'kati mwa kawailesiko ladzadza, power bank izizima chonchi nthawi zonse. Ma power bank ena ali ndi njira yotchajira tizinthu ting'onoting'ono: mumadina batani kawiri mofulumira, kapena kulikanikiza masekondi awiri, kagetsi n'kusintha kawalidwe. Pa ena njira imeneyi imakhala maola awiri okha kenako imazima. Koma ngati batire la wailesi lathereratu ndipo power bank ikuzimabe, yesani chingwe china. Mawailesi otchipa ambiri a USB-C satchaja ndi chingwe cha C mbali zonse, chifukwa opanga anasiya tima resistor tiwiri ta 5.1k timene timauza power bank kuti itsegule magetsi. Chingwe cha mutu waukulu mbali imodzi ndi C mbali inayo chimathetsa vutoli.

Tsopano wailesi yakale, apa mpamene anthu amawotcha. Zinthu zitatu ziyenera kugwirizana: mavolti, mbali ya + ndi −, ndi kukula kwa kamutu kolowa pabowo. Mabatire awiri a AA ndi 3V, atatu ndi 4.5V, anayi ndi 6V. Ya 3V mukaipatsa 5V imalira mokweza mphindi zochepa kenako kafungo ka kupsa, yatha. Ya 6V pa 5V siwonongeka, imangochepa mawu. Yanuyi ya 4.5V ili pafupi: mabatire atsopano atatu amafika 4.8V, pamene USB imaloledwa kufika 5.25V. Zambiri zimapirira, koma kuti mtima ukhale pansi, pa waya wofiira wa chingwe cha USB amaikapo diode ya 1N4007, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Imadya pafupifupi 0.7V, wailesi n'kulandira 4.3V kapena 4.4V. Mzere woyera wa diode uloze ku wailesi.

Choopsa kuposa mavolti ndi kutembenuza + ndi −. Pafupi ndi kabowoko pali kachizindikiro ka kadontho ndi kamzere kozungulira theka. Ngati + yalumikizidwa ku kadontho, ndiye kuti kachitsulo ka pakati ndi +. Zingwe zambiri zogulitsidwa za USB zokhala ndi kamutu kozungulira zimaika + pakati, koma mawailesi ena akale amafuna − pakati. Kutembenuza kumatha kupha kachipangizo ka mawu nthawi yomweyo. Musayese ndi khutu; wokonza aliyense ali ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, kuyeza ndi mphindi imodzi.

Chomaliza, chotsani mabatire musanalowetse chingwe. Mabowo ena amadula okha mabatire kamutu kakalowa, ena ayi. Pamene sakudula, 5V imakankhira m'mabatire wamba osatchajika, amatentha n'kuchucha, madzi ake n'kudya timasipuling'i.

Wa masola, Area 25

Achimwene a ku Kawale afotokoza za wailesi, ine ndigwire za maola ndi kasungidwe.

Nambala ya 20,000mAh amaiwerengera pa mabatire a m'kati, amene ndi a 3.7V, osati pa 5V yotuluka. Mukachulukitsa 20,000mAh ndi 3.7V mupeza 74Wh, kutanthauza mphamvu yoyendetsa chinthu cha wati imodzi maola 74. Pokweza mavolti kufika pa 5, gawo la 10 mpaka 20 pa 100 limatayika ngati kutentha, ndiye zotsala ndi 60 mpaka 65Wh, kapena kuti 12,000 mpaka 13,000mAh pa bowo la USB. Wailesi yodya theka la wati imalira maola ngati 120. Mukakweza volyumu ndi kuyatsa tochi n'kufika wati imodzi, maola 60. Ngati batire la m'kati mwa kawailesi ndi la 2,000mAh, monga ambiri, power bank ilidzadza kasanu ndi kamodzi.

Wakuba wamkulu ndi foni. Ya batire la 5,000mAh imatenga 20Wh kapena kuposa pa ulendo umodzi. Kutchaja foni kamodzi kokha kwadya maola oposa 30 a wailesi. Nyumba ya anthu asanu, aliyense ndi foni yake, power bank yomwe ikanasunga wailesi sabata yathunthu imatha tsiku limodzi. M'nyengo ya mvula ikani lamulo: tigetsi ta pa power bank tikatsala tiwiri mwa tinayi, mafoni basi, zotsalazo ndi za wailesi. Kumbukirani Januwale 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuzima kwa magetsi kunatenga miyezi yambiri, ngakhale kuno ku Lilongwe kumene madziwo sanafike. Namondwe wa kummwera amatha kukuzimitsirani magetsi ku Mtandire.

Masamu onsewa ndi a power bank yoona. Ya 20,000mAh yeniyeni imalemera magalamu 350 mpaka 450, kuchepera pang'ono theka la paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Yopepuka ngati foni koma yolembedwa 50,000mAh ndi bodza. Batire limodzi labwino kwambiri la 18650, mtundu wopezeka m'ma power bank ambiri, limathera cha pa 3,500mAh. Kulemera kokha sikukwanira, poti zachinyengo zina amathiramo mchenga m'mabatire opanda kanthu. Yesani chonchi: idzadzeni, kenako muwerenge kuti yadzadza foni yodziwika kangati. Foni ya 5,000mAh iyenera kudzadza kawiri ndi theka kapena katatu. Ikalephera kufika kawiri, mkati mulibe zolembedwazo, ndipo yonama pa kukula imanamanso pa chitetezo.

Kuidzadza: tchaja ya 5V 2A imatenga maola 9 kapena 10, ya 1A pafupifupi maola 18, ya 18W maola ngati asanu ngati power bank ikulola. Ndiye musadikire mitambo yakuda. Muzitchajira pa simenti kapena pa tebulo lopanda nsalu, osati pa matiresi, pansi pa pilo kapena m'chikwama. Mabatire a lithium amayenera kutchajidwa pakati pa madigiri 0 ndi 45. Masana a Okutobala ndi Novembala, pa windo kapena pansi pa malata opanda siling'i, malire amenewo amapyoledwa mosavuta, ndipo m'galimoto yotsekedwa kumadutsa madigiri 60. Kutchaja power bank uku ikuyendetsa chinthu china nakonso kumaitenthetsa kawiri. Zina zimalola, koma musazoloweze usiku mutagona.

Mphenzi zikayamba, zulani tchaja pa soketi. Kuzimitsa switchi kokha sikuteteza, chifukwa mphamvu ya mphenzi yobwera m'mawaya imalumpha kampata kakang'onoko. Magetsi akabwerera dikirani mphindi zisanu kapena khumi akhazikike. Ubwino wa wailesi ya pa batire ndi umenewu: simakhudzana ndi mawaya a panja. Ngati munamangirira waya wautali ku eriyo n'kuutulutsa kudenga kapena pa mtengo kuti mawu azimveka bwino, umasuleni mvula ya ziphaliwali isanafike.

Pa za sola: panelo yolembedwa 12V ikakhala padzuwa yopanda cholumikiza imatulutsa 21V kapena 22V. Kudula chingwe cha USB n'kumangirira molunjika ku panelo yoteroyo ndi kupha power bank, mwinanso kuyatsa moto. Pamafunika panelo yokhala ndi kabokosi ka USB kumbuyo, ya 10W kupita m'mwamba, kapena kudutsira pa charge controller, kabokosi kowongolera magetsi ochokera ku panelo. Panelo ikhale padzuwa, power bank pamthunzi, chingwe pakati. Kasola ka pamwamba pa kawailesi kanu n'kongothandiza batire kuti lisafe. Sikangalidzadze tsiku limodzi, ndipo kuyanika wailesi padzuwa tsiku lonse kumaphika batire lake. Chopukusira chimodzimodzi: mphindi imodzi yopukusa imapatsa mphindi zochepa zomvera nkhani, ndi cha pa ngozi basi.

Mphunzitsi wa zamagetsi, Area 18

Bambo a ku Kawale, za diode sindikutsutsa kuti zimagwira, koma sindingazipereke kwa munthu wosadziwa kuwotcherera mawaya. Chingwe cholumikiza ndi manja n'kukulunga selotepi ndicho chimadzagundanitsa wofiira ndi wakuda tsiku lina. Power bank yabwino imadzizimitsa zikatero, yotchipa imangotentha. Komanso diode sithetsa vuto la kuzima kuja. Wailesi yakaleyo imatunga pang'ono, power bank izizimabe.

Njira yabwino kwa wailesi ya AA ndi mabatire otchajika a NiMH atatu, ndi katchaja kawo ka USB kolumikiza ku power bank. Lililonse ndi 1.2V, atatu 3.6V. Zikuoneka zochepa pa 4.5V, koma wailesi inapangidwa kuti izilirabe mabatire wamba atatsika kufika 1V lililonse, ndipo NiMH amakhala pa 1.2V mpaka kumapeto. A 2,000mAh pa wailesi yotunga 50mA ndi maola 40. Mukhale ndi magulu awiri, ena ali mu wailesi, ena akutchajidwa. Osasakaniza otchajika ndi wamba, ndipo wamba asalowe mu katchajako.

Chifukwa china chimene ndikunenera zimenezi ndi phokoso. M'kati mwa power bank muli kachipangizo kamene kamakweza 3.7V kufika 5V pozimitsa ndi kuyatsa magetsi kambirimbiri pa sekondi. Kuyatsa ndi kuzimitsa kumeneko kumatulutsa mafunde, chingwe cha USB n'kusanduka eriyo yowafalitsa. Pa FM ya mumzinda muno simungamve kwenikweni. Pa MW ndi SW, mafunde a AM aja ofika kutali, kapena pa siteshoni ya FM yakutali, mumamva kulira kwa ziii kokwirira mawu, ndipo anthu amayesa kuti ndi mvula. Poyesa, zulani chingwe wailesi ikulira pa batire lake. Phokoso likatha, gwero mwalipeza. Ngati simungachitire mwina koma kumvera mutalumikiza, talikitsani power bank mita imodzi kuchokera ku wailesi, ndipo chingwe muchikulunge kawiri kapena katatu pa kamphete ka ferrite pafupi ndi wailesi. Timphete timeneti timapezeka pa zingwe zakale za kompyuta, kachotupa kakuda kaja ka kumapeto. Mababu otchipa a LED ndi ma inveta amachitanso phokoso lomweli.

Ndiye kwa kawailesi katsopano, amayi, njira ndi iyi: masana kadzadzeni kuchokera ku power bank, kagetsi kakasonyeza kudzadza zulani, usiku kazilira pa batire lake. Vuto la kuzima latha, phokoso latha, ndipo palibe cholumikizidwa anthu ali mtulo.

Pali chingwe chimodzi chofunika kuchidziwa. Ma power bank otchaja mwachangu, olembedwa PD kapena QC, amatha kutulutsa 9V kapena 12V, koma amayambira pa 5V ndipo amakweza pokhapokha chipangizo chapempha. Wailesi sipempha, ndiye palibe vuto. Koma pali zingwe za USB zokhala ndi kamutu kozungulira zimene anthu amagulira ma router, zokhala ndi kabokosi pakati kokweza kufika 9V kapena 12V. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi cha 5V, ndipo kamutu kamatha kulowa bwinobwino pa wailesi ya 4.5V. Werengani zolembedwa pa kabokosiko musanalowetse.

Kwa amene ali ndi power station, zikuluzikulu zija zokhala ndi soketi ya 230V: wailesi muilumikize pa bowo la USB, osati pa soketi. Inveta ya m'kati, imene imasandutsa magetsi a batire kukhala a pa soketi, ikangoyaka imadya mawati angapo, nthawi zina oposa khumi, popanda cholumikiza chilichonse. Mukuwononga mphamvu kuchulukitsa kakhumi kuposa imene wailesi ikufuna. Zochokera ku America zimatulutsa 110 mpaka 120V, pamene athu ndi 230V pa 50Hz, ndiye onani pa tchaja yake ngati palembedwa 100–240V musanalowetse pa khoma. Ndipo power station isalumikizidwe ku soketi ya pakhoma ndi chingwe cha mapulagi awiri pofuna kuyatsa nyumba yonse. Magetsi amabwerera m'mawaya a panja n'kugwira amene akukonza pa pholo, ndipo a ESCOM akabwerera chipangizocho chimapsa.

Kanthu kena kakang'ono: mawailesi a manambala opangidwira America amadumpha 10kHz pa MW, pamene kuno masiteshoni amatalikirana 9kHz, ndipo ena pa FM amangoima pa manambala othera 1, 3, 5, 7 ndi 9. Siteshoni ikamamveka mosalongosoka, fufuzani posinthira pa 9kHz. Wosaka ndi kagudumu kopotokola alibe vuto limeneli.

Mayi wa ku Mtandire

Zikomo kwambiri abambo nonse, ndamva. Nditenga njira ya aphunzitsi. Funso lina limodzi: kuno madzi amalowa m'nyumba. Power bank ikanyowa, kuiyanika kapena kuikwirira mu mpunga n'kokwanira? Nanga ndingadziwe bwanji kuti yafika potaya?

Wokonza mawailesi, Kawale

Aphunzitsi anena zoona pa za NiMH, ndavomera. Diode ndi ya amene ali ndi chowotcherera ndi kapaipi kofota ndi moto kotsekera polumikizapo.

Amayi, madontho a mvula pa chikuto si nkhani. Pukutani, isiyeni masiku awiri pouma, osailumikiza, osadina batani. Koma yomira m'madzi osefukira musaigwiritsenso ntchito ngakhale iyake. Madzi amatope amasiya dothi ndi mchere pa bolodi la tizipangizo la m'kati. Mpunga suchotsa zimenezo. Pakapita masiku dzimbiri limalumikiza njira zimene siziyenera kukumana, ndipo kachipangizo koteteza batire kakafa, batire limatchajidwa kupyola 4.2V popanda choliletsa. Moto wake umabwera mochedwa, mwina sabata yotsatira ili pa tchaja.

Zizindikiro zoti yatha ndi izi: chikuto chatupa kapena chayamba kung'aluka m'mbali, siikhazikika pa tebulo koma ikugwedezeka, ikutentha moti simungaigwire nthawi yaitali, ikutentha isakugwira ntchito, kapena ikutulutsa kafungo kotsekemera ngati ka mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Yagwa mwamphamvu n'kubonyoka, chimodzimodzi. Kutupako ndi mpweya wochokera m'batire lowonongeka. Musaikanikize kuti ibwerere, musaiboole ndi msomali. Itulutseni panja, muiike m'chitini chachitsulo chokhala ndi mchenga wouma, chosatseka kwambiri, kutali ndi udzu, makala ndi ana. Isaponyedwe m'dzala lotenthera zinyalala kapena m'chimbudzi. Funsani okonza mafoni kapena ogulitsa masola ngati amalandira mabatire akufa.

Ikayamba kufuka utsi, tulutsani anthu kaye, chifukwa utsiwo ndi wapoizoni. Ngati ili pa tchaja, zimitsani magetsi pa switchi yaikulu musanachite china chilichonse. Kenako thirani madzi ambiri mutaima patali, ndowa yathunthu osati kapu. Bulangete silithandiza, poti batire limadzitenthetsa lokha kuchokera m'kati. Chofunika ndi kuliziziritsa kuti mabatire oyandikana nalo asayake. Moto ukazima musaitole ndi manja, imatha kuyakanso pakapita maola. Ikankheni ndi fosholo kupita pa dothi.

Posunga, tengani kontena ya pulasitiki yotseka bwino, ya zakudya ija. Muikemo power bank, chingwe chimene mwayesa kuti chimagwira, ndi mabatire a AA omangidwa ndi labala kuti mitu yake isakhudze makiyi kapena makobidi. Kontenayo ikhale pamwamba, pa shelefu kapena yopachika pa msomali, pamalo poti mungaipeze mumdima. Potchaja muziitulutsa mu kontenamo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ikhale yodzadza, muziyang'ana tigetsi sabata iliyonse. Mvula ikatha ndipo simukuigwiritsa ntchito, isiyeni pa tigetsi tiwiri kapena titatu mwa tinayi, n'kumaionjezera pakatha miyezi itatu. Kawailesi nakonso kali ndi batire la lithium m'kati. Mukakaiwala m'kabati kuyambira Meyi mpaka Okutobala katatheratu, batirelo limatsika pansi pa 2.5V ndipo nthawi zambiri silidzukanso.